Matayi a ku Englewood

Tiyeni tifikeko pang'ono ku Chicago, m'dziko la America.

Ku Englewood, dera la anthu akuda komwe umphawi ndi kulira kwa mfuti n'zosasowa, kunatsegulidwa sukulu ya anyamata okhaokha mu 2006, dzina lake Urban Prep. Mnyamata aliyense amavala jekete ndi tayi yofiira, ndipo aphunzitsi amamuitana ndi dzina la bambo ake, mwaulemu ngati munthu wamkulu. Akangolandira kalata yoti wapeza malo ku koleji, amamuveka tayi ina, ya mizere yofiira ndi yagolide, anzake onse akuona. Mu 2010, anyamata onse 107 a gulu loyamba kumaliza anapeza malo.

Kunena zoona, matayiwo sanditenga mtima kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi ntchito yosaoneka pa kanema: kuweruka mochedwa, maola owonjezera owerenga, ndiponso munthu wamkulu wodziwa dzina la mwanayo, womufunsa akajomba. Ku Eagle Academy, sukulu inanso ya anyamata yomwe inayamba ku Bronx mu 2004, amadaliranso abambo odzipereka kulangiza anyamata.

Komabe kupeza malo n'kwina, kutenga digiri n'kwinanso. Fizi ya ku America ndi yoboola m'thumba, ndipo mnyamata amene ndi woyamba kwawo kupita ku koleji amasowa womufunsa zinthu zikathina. Nanga amene anasiyira panjira, asanafike chaka chomaliza? Amenewo sali pa 107 aja.