Zomba Isasandutse Likangala Chimbudzi

Munthu wa m'tauni akagujumula chimbudzi chamadzi amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Timati madziwo ndi otaya, ngati kuti tikawataya amasowa. Koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti zonyansa za mumzinda wa Zomba zili ndi kopita, ndipo amene amazilandira ndi anthu amene sanazipange.

Zonyansa zoyenda m'mipope ya mzindawu zimakathera kumalo oyeretsera madzi a suweji ku Chikanda. Ntchito ya malo otere ndi yapatatu. Poyamba amasefa zinyalala zikuluzikulu monga mapepala ndi nsanza. Kenaka madzi amawadekhetsa kuti matope akhale pansi. Pomaliza tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zonyansa zotsalazo, ndipo madziwo amawatsanulira mumtsinje wa Likangala. Gawo limodzi lokha likafa, kapena zonyansa zikachuluka kuposa mphamvu ya malowo, mtsinje umalandira uve wosayeretsedwa.

Likangala sathera m'tauni. Amatsika kudutsa m'midzi momwe amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ana amasamba, ndipo alimi amathirira tomato ndi mpiru. Kumunsi kwake kuli sikimu ya mpunga ya Likangala. Pamapeto pake amathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe mu 1996 inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Choncho chimene chalowamo chimakhala momwemo. Madzi akamauma ndi dzuwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018, uve sumauma nawo.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba ndi matenda. Kolera, kamwazi ndi taifodi zimafala kudzera m'madzi okhudzana ndi chimbudzi. Asodzi okhala m'zimbowera pa Chilwa amamwa madzi a m'nyanja momwemo, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti nthendayi sinapite. Chachiwiri ndi nsomba. Chimbudzi ndi sopo zili ngati feteleza, zimameretsa ndere zambiri. Nderezo zikamaola zimamaliza mpweya wa m'madzi, ndipo matemba, makumba ndi milamba zimavutika. Vutoli limakula m'chilimwe pamene mtsinje uli ndi madzi ochepa osungunulira uvewo.

Ena anganene kuti si suweji yokha imene imaipitsa Likangala, pakuti palinso feteleza wa m'madimba, zinyalala za mumsika ndi zimbudzi zokumba m'mbali mwa mtsinje. Izi n'zoona. Koma mwa zonsezi, paipi ya suweji ndi yokhayo imene ili pamalo amodzi odziwika, ili ndi mwini wake, ndipo madzi ake akhoza kupimidwa. Ngati tilephera kukonza malo amodzi, tidzakwanitsa bwanji madimba zikwizikwi?

Maganizo anga ndi akuti amene amagwiritsa ntchito chimbudzi chamadzi azilipiranso kuyeretsa kwake, monga amalipirira madzi ochokera kudamu la Mulunguzi. Ndalamazo zisasakanizidwe ndi zina, zizigwira ntchito yokonza mipope ndi makina basi. Komanso madzi otuluka ku Chikanda azipimidwa mwezi ndi mwezi, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pawailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti mafumu ndi anthu akumunsi adziwe chimene akusamba. Malamulo oletsa kuipitsa madzi alipo kale, a zamadzi a 2013 ndi a zachilengedwe a 2017. Chofunika ndi kuwatsata.

Ife a m'tauni tisadzinamize kuti nkhaniyi ndi ya akumudzi okha. Matemba a ku Kachulu, mpunga ndi masamba a m'madimba a Likangala zimagulitsidwa mumsika wa Zomba womwewu. Zimene titaya m'mawa tikhoza kukumana nazo m'mbale madzulo.