Makiyi a kompyuta yanu ali ndi yani?

Aliyense amene adakhalapo pa lendi ku Kawale, kwa Biwi kapena ku Area 23 akudziwa kuti mwini nyumba ndi amene ali ndi makiyi. Mungapake laimu, mungadzale maluwa pakhomo, koma tsiku loti landilodi wabwera ndi loko wake, katundu wanu amagona panja. Ife tikuti makompyuta ambiri amene akudyetsa mabanja mumzinda wa Lilongwe ali pa lendi, ndipo eni ake sakudziwa n'komwe.

Pitani ku Chipasula mukasuzumire m'timashopu ta fotokope ndi totayipira makalata. Ophunzira akudzatulutsa manotsi, wina akulembetsa kalata yofunsira ntchito, mayi wa geni akufuna zikalata zokatengera ngongole. Ndiye tayang'anani pakona ya sikirini cha m'munsi. Kawirikawiri mupezapo timawu totuwa tachizungu takuti "Activate Windows". Ambiri amangotiona ngati chipsera chobadwa nacho. Ayi ndithu, ameneyo ndi landilodi akugogoda.

Nkhani yake ili apa. Pulogalamu ya kompyuta sigulidwa monga njinga kapena wilibala. Chimene munthu amalipira ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, chimene amati laisensi. Lamulo la dziko lino loteteza eni luso, limene lidakonzedwanso mu 2016, limateteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe limatetezera mabuku ndi nyimbo. Anyamata obena nyimbo amalidziwa bwino bungwe la COSOMA, limene lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1992. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti Windows ndi Office zimene akubenera nyimbozo nazonso zili ndi mwini wake.

Malaisensi a Windows alipo a mitundu itatu imene wamalonda ayenera kuidziwa. Woyamba ndi wa OEM, umene umabwera ndi kompyuta kuchokera kufakitale, ndipo umafera pa kompyuta yomweyo. Wachiwiri ndi wa Retail, wogula paokha, umene mungasamuke nawo kompyuta ikawonongeka. Wachitatu ndi wa Volume, wa makampani, masukulu ndi maboma amene ali ndi makompyuta ambirimbiri. Pa mtundu wachitatuwu pali njira yotchedwa KMS: kompyuta iliyonse imayenera kukaonekera kwa kompyuta yaikulu ya kampaniyo pasadathe masiku 180, ikapanda kutero laisensi imazima. Tsono laputopu yakaunjika ikachoka ku ofesi ya ku London kapena ku Johannesburg n'kudzatera m'manja mwa mwana wasukulu kwa Mgona, idzakaonekera kwa yani? Pakatha miyezi isanu ndi umodzi timawu totuwa tija tatulukira, wogulitsa uja foni yake siikupezekanso.

Safunsa adadya phula. Chosangalatsa n'chakuti kompyuta mungathe kuifunsa nokha, ndipo kufunsako n'kwaulere. Dinani batani la Windows, lembani cmd, ndipo patseguka kazenera kakuda. Anthu ambiri amakaopa kazenera kameneka, amati n'ka amisiri okhaokha kapena ka akuba. Bodza. Lembani slmgr /xpr ndi kudina Enter. Kompyuta ikuuzani ngati laisensi yake ili yamuyaya kapena ili ndi tsiku lothera. Lembaninso slmgr /dli ndipo ikuuzani ngati ili OEM, Retail kapena Volume, n'kukuonetsaninso zilembo zisanu zomalizira za kiyi wake. Mukafuna zambiri lembani slmgr /dlv. Ngati muli ndi kashopu ka makompyuta awiri koma yankho likuti Volume, dziwani kuti mukugona m'nyumba ya eni. Ntchito yonseyi siitenga mphindi ziwiri, ndipo iyenera kuchitika ndalama zisadatuluke m'thumba, wogulitsa ali chiimire pomwepo.

Tichenjezepo apa kuti akathyali ena amatha kupusitsa makina mpaka kumalemba kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake lisiti lolembapo mtundu wa laisensi ndi lofunikabe. Wogulitsa wokana kulemba lisiti wakuyankhani kale.

Palinso china chimene chimatiwawa mtima. Kuyambira nthawi ya Windows 8 mu 2012, makompyuta ambiri a makampani odziwika amabwera kiyi wake atamusindikiza m'kati mwa makina momwemo. Ndiye kuti laputopu zambiri zakaunjika zimafika kuno zili ndi laisensi yeniyeni, yolipiridwa kale. Koma mmisiri wothamangira ndalama amafufuta zonse, n'kuikamo Windows ya mtundu wina imene siigwirizana ndi kiyi uja, kenako n'kuithyola ndi kapulogalamu kakuba. Mwini kompyuta amalipira kuti amutayire chinthu chenicheni ndi kumuikira chabodza, n'kuthokozanso. Mmisiriyo akadaika mtundu womwe udabwera ndi makinawo, kiyi akadadzigwira yekha.

Ena anena kuti, nanga vuto lili pati poti kompyuta ikugwirabe ntchito? Pa Windows n'zoona, imapitirira kuyenda ndi chipsera chake. Koma Office laisensi ikazima imakulolani kuwerenga ndi kusindikiza basi, kulemba kapena kukonza ayi. Mwana wa ku koleji amene akuyenera kupereka ntchito yake mawa m'mawa ndiye angakuuzeni kuwawa kwake. Ndipo vuto lalikulu silili pamenepo. Timapulogalamu tothyolera monga KMSPico timagwira ntchito ponamizira kuti ndi kompyuta yaikulu ya kampani ija, ndipo kuti tilowe, mmisiri amayamba wathimitsa pulogalamu yolondera mavayirasi. Mwathamangitsa mlonda kuti mlendo wosamudziwa alowe m'nyumba usiku. Mu 2021 akatswiri a kampani ya Red Canary ya ku America adapeza kuti KMSPico wina amene anthu amatenga pa intaneti adali ndi kachilombo koba mapasiwedi. Tsono taganizirani zimene zimadutsa pa kompyuta ya kashopu ka fotokope pa tsiku limodzi: ziphaso zaunzika, masatifiketi a MSCE, mafomu a ngongole za ophunzira, makalata a kubanki, za msonkho ku MRA. Zinsinsi za dera lonse zili m'bokosi limene makiyi ake mudapereka kwa munthu yemwe simudamuonepo nkhope.

Wina asaganize kuti awa ndi matenda a amphawi okha. Dziko lonse lidagonapo panja. Mu Malichi 2019 boma lidasainirana mgwirizano wa ndalama zokwana 60.8 miliyoni za ku America ndi kampani ya Techno Brain kuti ikonze makina opangira mapasipoti. Mu Disembala 2021 yemwe adali mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, adathetsa mgwirizanowo. Kumayambiriro a 2024 makina aja adaima, mapasipoti osatuluka kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale chaka chomwecho a Lazarus Chakwera, omwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makompyuta adalanda makinawo ndipo amafuna dipo. Amabungwe ena omwe si aboma adatsutsa, n'kunena kuti gwero la vutolo lidali nkhani ya malaisensi. Kampaniyo idakana kuti idaikapo dzanja.

Kaya mukhulupirira mbali iti, phunziro ndi limodzi: dziko lidali ndi makina amene silikadatha kuwadzutsa lokha atagwa. Ndipo amene adalira si akuluakulu a ku Capital Hill. Adalira ndi mayi wokapikula katundu ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, wophunzira amene malo ake a sukulu kunja amamudikira, wodwala wofuna kukaonana ndi madokotala ku India. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Tisaiwalenso za Cashgate. Mu 2013 anthu amene adali ndi mphamvu zolowera m'kati mwa makina oyendetsera chuma cha boma a IFMIS ankalemba malipiro abodza, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta mapazi awo m'makinamo. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Apa nkhani siidali ya laisensi, koma funso ndi lomwe lija: ndani ali ndi pasiwedi yaikulu, ndipo akumuyang'anira ndani? Wamalonda amene pasiwedi yaikulu ya kompyuta yake ili m'mutu mwa mmisiri yekha asaseke boma.

Tikudziwa chomwe anzathu a ku Chipasula atiyankhe: inu a nyuzipepala mukulankhula ngati simukhala m'dziko lomwe lino. Laisensi imagulidwa ndi madola, ndipo kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu wopeza timakobiri ta fotokope angalipire bwanji? Dandaulo limeneli ndi loona, sitikulinyoza. Koma si zoona kuti njira zilipo ziwiri zokha, kuba kapena kutseka shopu. Pali mapulogalamu amene laisensi yake imalola aliyense kugwiritsa ntchito, kukopera ndi kugawira mnzake popanda kulipira tambala. M'malo mwa Windows pali Linux, ndipo mtundu wake wotchuka wa Ubuntu udayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa konkuno kwathu. M'malo mwa Office pali LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga makalata a Word ndi a Excel. Kalata yofunsira ntchito siidziwa kuti idatayipidwira pa chiyani.

Ndipo izi si nthano zakunja. Kuchipatala chachikulu cha Kamuzu mumzinda uno, bungwe la Baobab Health lidayamba mu 2001 kuika makompyuta okhudza ndi chala olembera odwala, ndipo achinyamata a ku Malawi adamanga ntchito imeneyo pa mapulogalamu aulere omwewa. Ngati zidatheka kulembera odwala m'chipatala, zingakanike kutayipira kalata ku Kawale? Sitikubisa kuti pali zovuta zake. Mapulinta ena amavuta, ndipo wojambula zikwangwani amene adazolowera CorelDRAW kapena Photoshop adzafunika nthawi kuti azolowere Inkscape ndi GIMP. Amene ntchito yake siingayende popanda pulogalamu yogula, aiwerengere ngati lendi ya shopu kapena mayunitsi a magetsi, aigule. Enafe tiphunzire zaulerezo.

Nthawi nayo siikudikira. Kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025. Makompyuta akale ambiri sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Pulogalamu yosiyidwa ili ngati nyumba imene denga lake palibenso wolikonza, mvula ikubwera. Amene akukumbukira kachilombo ka WannaCry, kamene mu Meyi 2017 kadagwira makompyuta m'maiko oposa 150 mpaka kusokoneza zipatala za ku Britain, akudziwa kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Choncho ife tikupempha zinthu zingapo. Kwa amalonda tikuti, gulani kope la masamba ochepa mulembemo kompyuta iliyonse, mtundu wa laisensi yake, tsiku lothera, ndi komwe lisiti lili. Pasiwedi yaikulu ikhale ndi inu, ndipo mmisiri akamaliza ntchito muisinthe. Mmisiri akakuuzani kuti athimitse kaye mlonda wa mavayirasi, mufunseni kuti akulowetsa ndani.

Kwa ophunzira, a pa sekondale ya Chipasula ndi ena onse, tikuti kudziwa kompyuta si kudziwa Facebook ndi WhatsApp kokha. Kalowereni kazenera kakuda kaja. Timawu tiwiri timene mungaphunzire lero tingapulumutse ndalama za makolo anu pogula laputopu, ndipo mawa ndi timene tingakupatseni ntchito. Aphunzitsi a maphunziro a kompyuta nawo aphunzitse ana kuwerenga laisensi, osangoti kutayipa.

Kwa amisiri tikuti, ulemu wa ntchito yanu uli m'manja mwanu. Muuzeni kasitomala zoona, mumuonetse njira zonse, asankhe yekha.

Kwa boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo tikuti, mgwirizano uliwonse wogula makina ndi misonkho yathu uzinena poyera kuti malaisensi alembedwa m'dzina la yani, atha liti, mtengo wowakonzanso ndi zingati, ndipo makiyi onse aperekedwa liti kwa akatswiri a boma. Makomiti a Nyumbayo azifunsa mafunso amenewa ntchito isadayambe, osati mzere wa anthu utafika kale kumsewu. A Malawi ophunzira za makompyuta tili nawo, akutuluka chaka ndi chaka ku MUST, ku MUBAS, ku Mzuni ndi ku UNIMA. Apatseni makiyi, ndipo muwayang'anire.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tsegulani kompyuta yanu lero lomwe muifunse kuti ndi ya yani.