Foni ilowe m'galimoto, mawaya asadulidwe

Alangizi a kumunda, azaumoyo ndi atsogoleri a magulu a alimi amayankha foni ali pa chiwongolero kuposa momwe angavomerere pagulu. Ku Britain kugwira foni m'manja uku ukuyendetsa galimoto kunaletsedwa mu 2003, ndipo ku South Africa nako ndi mlandu. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amaika m'galimoto zawo kachipangizo kolumikiza foni ndi masipika kudzera pa Bluetooth, kuti dalaivala aziyankhula manja ali pa chiwongolero. Maganizowo ndi abwino. Vuto limabwera tsiku loika, pamene mmisiri wafika ndi lumo ndi tepi yakuda.

Kachipangizoka kamakhala pakati pa wailesi yomwe inabwera ndi galimoto ndi masipika ake. Foni ikaitana, kamatseka pakamwa wailesiyo n'kutumiza mawu a woyimbayo kumasipika akutsogolo, ndipo akamaliza kuyankhulana nyimbo zimabwerera. Kuti izi zitheke sipafunika kudula waya ngakhale umodzi. Mawailesi ambiri a ku Ulaya ali ndi mapulagi awiri a muyezo wa ISO, a mabowo 8 iliyonse: ina ya magetsi, ina ya masipika. Mumazula mapulagiwo, kulowetsa kachipangizoka pakati, basi.

Komatu galimoto zambiri m'misewu yathu n'zochokera ku Japan, ndipo Toyota imakhala ndi mapulagi akeake, kawirikawiri ya mabowo 10 ndi ya 6. Apa m'pamene mmisiri wopupuluma amasenda mawaya n'kuwapota ndi zala. Tsiku limenelo zonse zimagwira bwino. Pakatha miyezi ingapo ya mabampu, fumbi ndi kutentha, tepi imamatuka, sipika imodzi imayamba kulira mwa apo ndi apo, fyuzi n'kumapsa popanda wodziwa chifukwa. Ngati galimotoyo ndi yatsopano, wogulitsa angathenso kukana kukonza zamagetsi mwaulere poona kuti mawaya anaseweretsedwa. Mankhwala ake ndi chingwe cholumikizira chopangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, chomwe mbali ina chimalowa pa pulagi ya Toyota, mbali ina pa ISO. Chiitanitseni musanayambe ntchito, ngakhale zitatanthauza kudikira sabata ziwiri.

Pamagetsi m'pofunika kudekha. Pamakhala waya wokhala ndi moto nthawi zonse, wina wolandira moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, ndi wakuda wopita kuchitsulo cha galimoto. Pa mawailesi ambiri woyambawo ndi wachikasu, wachiwiri ndi wofiira. Koma pa zipangizo za Parrot, kampani ya ku France yomwe inatchuka nazo m'zaka za m'ma 2000, wofiira ndiye wa moto wosatha ndipo wa kiyi ndi wa olenji. Wongodalira mitundu amasokoneza. Choncho mmisiri ayeze waya uliwonse ndi mita asanalumikize. Akasinthanitsa, kachipangizoka sikazima mwadongosolo, ndipo mawaya onse awiri akakhala pa moto wosatha kamakhala koyaka usiku wonse n'kumamwa batire pang'onopang'ono. Galimoto yoima masiku angapo kumudzi kopanda ina yoti ikuthandizeni kuliza injini, zimenezi si nkhani yaing'ono. Kuyesa kwake n'kosavuta: zimitsani injini, chotsani kiyi, muone ngati kazima. Ndipo musanachotse batire, funsani ngati wailesiyo imafuna nambala yachinsinsi ikayatsidwanso, chifukwa ena amatsala ndi wailesi yosalankhula.

Galimoto zokhala ndi ampulifaya yapadera, monga za masipika a JBL kapena Bose, zimafuna chingwe chinanso. Mukalumikiza mwachizolowezi mudzamva phokoso kapena zii.

Maikolofoni ikhale pamwamba, pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, itayang'ana pakamwa pa dalaivala, kutali ndi mabowo otulutsa mphepo. Waya wake nthawi zambiri umakwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, ndipo m'galimoto zina airbag imadutsa momwemo. Waya upite kumbuyo kwake, usaipingase. Mmisiri amene sakudziwa ngati muli airbag asaloledwe kutsegulapo.

Kwa mlimi amene ali ndi Probox yake, ine ndingalangize njira ina. Mawailesi akale a ku Japan amagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe nyumba zoulutsira mawu zathu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Wailesi yotere imaphonya masiteshoni ambiri, kuphatikizapo mapologalamu a zaulimi. Kuiwonjezera kachipangizo ka foni n'kuveka mbuzi nsapato. Gulani wailesi ina yokhala kale ndi Bluetooth, muilumikize ndi chingwe choyenera, yakaleyo muisunge kuti mudzaibwezeretse pogulitsa galimoto.

Oyang'anira madalaivala adziwenso ichi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati dalaivala wogwiritsa ntchito foni amakhala pachiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa wosagwiritsa, ndipo limati zipangizo zoyankhulira osagwira foni sizichepetsa kwenikweni chiopsezocho, poti maganizo amakhala kwa woyimbayo. Kachipangizoka n'koyankhira kuti "ndili pamsewu, ndiima pa sitolo yakutsogoloyi". Lipoti la mwezi kapena mtengo wa soya zikambidwe galimoto itaima, ndipo a kuofesi aleke kuyimbira dalaivala amene akudziwa kuti wanyamula anthu.