1200 Yapabokosi la Rauta: Nambala Imene Foni Yanu Siidzaionapo

Omvera athu, pali malonda ena amene afika ponditopetsa, ndipo lero ndati ndilankhulepo. Mwawaona pa Facebook, mwawalandira m'magulu a WhatsApp, ndipo amene mumalowa m'masitolo a mafoni ndi makompyuta mwawamva ndi makutu anu. Akuti intaneti ikamavuta kunyumba kwanu, wolakwa ndi karauta kanu kakaleko. Akuti gulani yatsopano, ya tinyanga tinayi, yolembedwa 1200 kapena 3000 pabokosi, ndiye kuti mavuto atha. Makanema adzasiya kudukiza, WiFi idzafika chipinda chilichonse mpaka kukhitchini yapanja. Ena mwa ogulitsawa amachita kukuyang'anani m'maso n'kukuuzani kuti bokosi limeneli likupatsani mamegabiti 1200 pa sekondi.

1200. Igwireni bwino nambala imeneyi, chifukwa sindiisiya msanga.

Kodi inachokera kuti? Rauta yolembedwa AC1200 ili ndi mawailesi awiri mkati mwake. Ina imaulutsa pa 2.4 GHz, inayo pa 5 GHz. Yoyambayo, zinthu zonse zitayenda bwino kotheratu, mapeto ake ndi 300. Yachiwiriyo mapeto ake ndi 867. Ndiye opanga marautawa anatenga 300 n'kuphatikiza ndi 867, yankho 1167. Ataona kuti 1167 siikoma m'kamwa, anangoikankhira pa 1200. Ma 33 enawo akupatsani basela, kungoti baselayo simudzamuona. Yolembedwa AX3000 nayo masamu ake ndi omwewo: 574 kuphatikiza 2402, yankho 2976, pabokosi 3000. Ya AX1800 ndi 574 ndi 1201. Pitani mukaphatikize nokha.

Tsono mvetsani apa. Pa marauta amtundu umenewu, foni yanu imalumikizana ndi wailesi imodzi pa nthawi imodzi. Ikakhala pa 2.4, ili pa 2.4. Ikakhala pa 5, ili pa 5. Siingakwere zonse ziwiri. Zili ngati munthu akuuzeni kuti minibasi imathamanga makilomita 80 pa ola, njinga ya kabaza 20, choncho ulendo wa ku Zomba muyenda pa 100. Mungamuyankhe bwanji munthu woteroyo? Mungamufunse ngati wadya bwino m'mawa. Koma masamu omwewa akalembedwa pakatoni yonyezimira, ife timapisa m'thumba.

Palibe foni, palibe laputopu, palibe TV imene idzaone 1200 pa rauta imeneyo. Palibe. Ngakhale mutaigoneka foniyo pamwamba pa rautayo, palibe.

Wina anena kuti chabwino, 1200 tiisiye, koma 867 nayo si yochepa. Zoonadi si yochepa, koma nayonso simuipeza. Kuti foni ifike pa 867 iyenera kukhala ndi tinyanga tiwiri ta WiFi mkati mwake, ikhale pa 5 GHz, ndipo ikhale pafupi ndi rauta. Mafoni ambiri otsika mtengo, amene ambirife tili nawo m'matumbamu, ali ndi kanyanga kamodzi. Pamenepo mapeto agwa kufika 433. Ndipo alipo mafoni ena amene wailesi ya 5 GHz saiona n'komwe, amangodziwa 2.4 basi. Foni yotero nthawi zambiri imalumikizana pa 72. Tinayamba ndi 1200, tafika pa 72, ndipo sitinathe. Manambala onsewa ndi liwiro la kulumikizana chabe. Mbali yaikulu imathera pa kufunsana ndi kuyankhana pakati pa foni ndi rauta, kudikirana mpata wolankhula, ndi kubwereza zimene zatayika m'njira. Zimene zimafika m'manja mwanu kawirikawiri zimakhala theka lake kapena kuposerapo pang'ono.

Chimene chimandiseketsa kwambiri ndi ichi. Tembenuzani bokosilo muwerenge timalemba takumbuyo, tija tofuna magalasi. Pa marauta ambiri otchipa olembedwa 1200 kutsogolo, mabowo olowetsa chingwe alembedwa 10/100. Tanthauzo lake n'lakuti intaneti yolowa m'bokosimo kudzera pachingwe siingapitirire 100, zivute zitani. Kutsogolo 1200 m'zilembo zikuluzikulu, kumbuyo 100 m'timalemba tating'ono, bokosi limodzi lomwelo. Ndipo munthu amalinyamula mosangalala kupita nalo kunyumba.

Koma tiyerekeze kuti zonsezi ndanama. Tiyerekeze kuti 1200 ija ndi yeniyeni ndipo foni yanu ikuilandira yonse yathunthu. Intaneti yanu siisinthabe. Rauta siipanga intaneti. Ntchito yake ndi kugawa m'nyumbamo zimene yalandira kuchokera kunja. Ngati kampani yanu ikukupatsani mamegabiti 10, rauta ya 300 igawa 10, ya 1200 igawa 10, ya 3000 igawa 10 yomweyo. Ndibwereze? Igawa 10. Ndipo pa 10 pamenepo, popeza mabiti 8 ndiwo amapanga baiti imodzi, fayilo ya 1 GB itenga mphindi zoposa 13 kuti itsike yonse, kaya rautayo ili ndi tinyanga tingati.

Kuno kwathu mabanja ambiri intaneti yawo imalowa kudzera pa simu khadi, mu rauta ya 4G kapena ka MiFi, kuchokera pa nsanja ya netiweki. Nsanja imeneyo si yanu nokha. Mumagawana ndi dera lonse. N'chifukwa chake mbandakucha zinthu zimathamanga, koma madzulo, anthu akaweruka kuntchito n'kuyamba kuonera mpira ndi TikTok, kachizindikiro kaja kamangozungulira pasikirini. Rauta ndi yomweyo m'mawa ndi madzulo, malo ake ndi omwewo. Chasintha ndi kuchuluka kwa anthu pansanja. Kuchoka pansanjapo ulendo ukadalipo wautali, chifukwa dziko lathu silinafike kunyanja yamchere. Uthenga umayenda pa zingwe za fayiba kudutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique, n'kukalowa m'zingwe zapansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Chingwe chimodzi chikaduka m'njiramo, tonse timamva kuwawa. Kodi bokosi la tinyanga tinayi lili pabalaza panu likonza chiyani pamenepo?

Ndiponso tidzifunse, 1200 timaifuniranji? A Netflix eni ake amanena kuti mamegabiti 5 ndi okwanira kuonera kanema wooneka bwino wa HD, ndipo 15 akwanira pa 4K. Banja la anthu asanu, aliyense ataonera kanema wakewake wa HD nthawi imodzi, sapitirira 30. Chimene chikusowa m'nyumba zathu si 1200. Ndi mamegabiti ochepa chabe koma odalirika, amene sathawa dzuwa likalowa.

Za tinyanga sinditaya nazo nthawi yambiri. Kuchuluka kwa tinyanga sikuboola khoma. Mphamvu youlutsira ya rauta ili ndi malire oikidwa ndi malamulo, ndipo ngakhale rautayo itafuula chotani, foni nayo iyenera kuyankha ndi kamphamvu kake kochepako. Nyumba zathu ndi za njerwa zootcha ndi simenti, osati za matabwa ngati zija za m'zithunzi za otsatsa malonda. Khoma lililonse limadya gawo lake, ndipo 5 GHz, ija yothamangayo, ndi imene imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Malata, chitseko chachitsulo, galasi lalikulu lodziyang'anira, thanki ya madzi, zonsezi ndi adani ake. Pena pamalembedwa 5G padzina la WiFi yanu, musasangalale kuti mwalowa mu 5G ya makampani a mafoni. Imeneyo ndi 5 GHz chabe.

Lowani m'nyumba zambiri muone kumene rauta imakhala. Ili pansi mu kabati ya TV, kuseri kwa dikoda, yapanikizika pakati pa sipika ndi khoma, zingwe zapiringizana. Pamwamba pake amayi afundikapo kansalu koluka kuti fumbi lisalowe, ndipo pakansalupo aikapo kamtsuko ka maluwa apulasitiki. Tinyanga tagonekedwa kuti chitseko cha kabati chitsekeke. Kenako mnyamata ali kuchipinda chakumapeto akudandaula kuti WiFi ndi yachabechabe, tigule ina. Tulutsani rautayo m'ndendemo. Ikwezeni pamwamba, poyera, chapakati pa nyumba, tinyanga tiime chilili. Simulipira kanthu.

Kwa inu a rauta ya simu khadi nkhani ili ndi mbali ziwiri, ndipo apa m'pofunika kuganiza pang'ono. Malo abwino olandirira netiweki ya nsanja ndi pawindo loyang'ana kumene kuli nsanjayo. Malo abwino ogawira WiFi ndi pakati pa nyumba. Malo awiriwa sakumana kawirikawiri. Yesani mawindo onse, chifukwa kusuntha rauta mikono iwiri yokha kumatha kusintha zinthu. Mukapeza windo labwino, isiyeni pomwepo, ndipo ngati zipinda zina sizikulandira, kokani chingwe cha netiweki kuchokera pa rautayo kukafika pa rauta ina yachiwiri mbali inayo ya nyumba. Chingwe cha Cat5e kapena Cat6 chimanyamula mamegabiti 1000 mpaka mtunda wa mamita 100, ndipo khoma silichiopseza. Ogulitsa sakonda kukuuzani za chingwe, mwina chifukwa phindu lake n'lochepa. Amakonda kukuonetsani kabokosi kongobaya pa soketi kotchedwa extender. Kabokosi kameneko, ngati kali ka wailesi imodzi, kamalandira uthenga kenako n'kuubwereza pa wailesi yomweyo, choncho liwiro limadulidwa pafupifupi pakati. Timizere ta WiFi pafoni tidzaza, inde, koma kudzaza kwa timizere si liwiro.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti rauta yatsopano ndi yopanda ntchito. Ngati munakokera fayiba kunyumba, kapena muli pa Starlink imene inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo intaneti yolowa ndi yothamangadi, karauta kakale ka 2.4 GHz yokha kangathe kukhala chopinga. Ngati m'nyumba muli zipangizo zambiri zolimbirana mpata, Wi-Fi 6 inapangidwira zimenezo ndipo imathandiza. Wi-Fi 7, imene bungwe la Wi-Fi Alliance linayamba kuivomereza mu Januwale 2024, ndiyo yayamba kulola chipangizo chimodzi kugwiritsa ntchito mawailesi angapo nthawi imodzi, koma foni yanunso iyenera kukhala ya Wi-Fi 7. Ndi angati mwa ife amene tili nayo?

Ndipo kudziwa pamene pali vuto si ntchito ya injiniya. Imani pafupi ndi rauta, tsegulani fast.com kapena Speedtest, lembani nambala. Pitani kuchipinda kovutako, yesaninso, lembani. Chitani zimenezi m'mawa, mudzachitenso madzulo. Ngati pafupi ndi rauta ikuthamanga koma kuchipinda ikukwawa, vuto ndi makoma ndi malo a rauta. Ngati ikukwawa ngakhale mutaima pamphuno pa rautayo, makamaka madzulo, muyambe mwafunsa kampani yokupatsani intaneti musanaganize za sitolo.

Chimene chimandiwawa, abale anga, n'chakuti nkhani imeneyi si ya marauta okha. Tili ndi matenda okonda nambala yaikulu. Tinagula masipika olembedwa mawati 5000 PMPO pamene kathiransifoma kake n'kochepa ngati kabokosi ka machesi. Tinagula mapawabanki olembedwa 50000 mAh opepuka ngati mulibe kanthu mkati. Tinagula mafulashi olembedwa 2 TB pamtengo wa mbale ya chipisi, ndipo zithunzi za ukwati zinasowa momwemo. Nthawi zonse nambala ikakula, nzeru zimachepa. Munthu yemweyo amene pamsika amafinya tomato mmodzimmodzi, amanunkhiza usipa, amakana chigoba chopindika poyeza ufa, akafika pa chinthu cha magetsi amangoti zilembo zanena, ndiye kuti n'zoona. Amaopa kufunsa kuti angaoneke wotsalira.

Masamu ophatikiza mawailesi awiriwa sanayambire ku Limbe kapena ku Malangalanga. Ndi chizolowezi cha opanga marauta padziko lonse, ndipo mwina iwo angadzitchinjirize kuti analemba zoona m'timalemba takumbuyo. Koma wogulitsa amene akuuza gogo wopuma pantchito kuti 1200 imeneyo ndi liwiro la intaneti imene adzapeze kunyumba, ameneyo wadutsa malire, akunama. Tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene udindo wake ndi kuteteza ogula ku malonda osocheretsa. Tili ndi MACRA imene imavomereza zipangizo zoulutsira mawu zolowa m'dziko muno. Tili ndi CAMA yolankhulira ogula. Ndikupempha mabungwe amenewa kuti malonda a mtundu uwu awayang'ane, ndipo aphunzitse anthu m'Chichewa chomveka kuti nambala yapabokosi imatanthauza chiyani.

Pamene tikudikira zimenezo, inu omvera, mukalowa m'sitolo musachite manyazi. Tembenuzani bokosi muone ngati mabowo ake ndi a 100 kapena a 1000. Kenako mufunseni wogulitsayo funso limodzi: ndi foni iti, imodzi yokha, imene ilandire 1200 pa rauta imeneyi? Akakuonetsani, gulani. Akayamba kukanda kumutu, bwezani ndalama zanu m'thumba, mupite kunyumba mukatulutse rauta yanu mu kabati.