TSITSI LIKONGOLE, KOMA MUTU USAPSE

Malonda a masiku ano alowa m'lamya za m'manja, ndipo afika kale ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Mayi amaona chithunzi cha botolo pa Facebook kapena pa WhatsApp, natumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu nkubwera pa minibasi kapena pa kabaza. Wogulitsayo sanamuonepo nkhope, ndipo sitolo yake sakuidziwa. Mwa katundu wogulidwa motere, amene watidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala owongola tsitsi, aja ambiri amawatcha rilakisa.

Tiyambe ndi choona chimene otsatsa malonda sakonda kuchinena. Tsitsi lopotana silingawongoke kwa miyezi ndi madzi, mafuta kapena zitsamba. Chimene chimaliwongola ndi mankhwala aukali amene amadula mfundo za m'kati mwa tsitsilo. Mu rilakisa wina muli sodium hydroxide, yemwe ndi kositiki soda uja wopangira sopo, amene aliyense wopanga sopo amadziwa kuti sagwiridwa ndi manja. Wina, wolembedwa kuti alibe kositiki, amakhala ndi calcium hydroxide wosakaniza ndi guanidine carbonate, ndipo nayenso amatentha khungu. Tsono wogulitsa akanena kuti mankhwala ake ndi a zitsamba zokhazokha, nanenanso kuti awongola tsitsi m'mphindi 20, chimodzi mwa ziwirizo ndi bodza.

Bodza lotere silinayambe lero. M'chaka cha 1994 ku America ankatsatsa pa wailesi yakanema mankhwala otchedwa Rio, ponena kuti ndi achilengedwe, ndipo anthu ankaitanitsa ali kunyumba kwao monga achitira amayi athu lero. Anthu oposa 3,000 anadandaula ku boma, ena tsitsi litathothoka, ena khungu litapsa, mpaka boma linalanda katunduyo m'chaka cha 1995. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale rilakisa weniweni amafuna kusamala. M'chaka cha 2022 akatswiri a National Institutes of Health ku America komweko anafalitsa zimene anapeza atatsata amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11. Mwa amayi osawongola tsitsi, osakwana 2 pa 100 alionse ndiwo amayembekezeka kudwala khansa ya chiberekero pofika zaka 70, pamene mwa owongola koposa kanayi pa chaka, chiwerengerocho chinali 4 pa 100. Ngati mankhwala odziwika mwini wake ali ndi chiopsezo chotere, nanga kuli bwanji aja opungulidwa m'kabotolo kopanda dzina, amene palibe angatiuze chimene chathiridwamo?

Chifukwa chake tikupempha amayi ndi eni masaluni kuti asanapereke ndalama, ayambe aliona botolo ndi maso ao. Palembedwe dzina ndi keyala ya amene anapanga, zimene zili m'katimo, kagwiritsidwe kake ndi tsiku lotha mphamvu, ndipo chivundikiro chikhale chomata, chosatsegulidwapo. Wogulitsa wokana kupereka lisiti kapena kutchula pamene pali sitolo yake, ameneyo ndi wokayikitsa. Safunsa anadya phula.

Mwini saluni avale magolovesi, apake vaselini pakhungu, ayang'ane wotchi, ndipo atsuke ndi shampu yoletsa ukali wa mankhwala. Mutu wa zilonda usapakidwe, ndipo mutu wa mwana wamng'ono usayesedwe konse. Khungu likayamba kutentha, kapena mankhwala akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri nthawi yomweyo, ndipo fulumirani ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, cha kwa Kabudula kapena china chapafupi, mutatenga botololo kuti adokotala alione.

Atsogoleri a Chipani ndi antchito a Boma, udindo waukulu uli pa inu. Inu ndinu amene muli ndi lamya ndi malipiro a pamwezi, ndipo chimene mphunzitsi kapena namwino wadzola lero, msungwana wa m'mudzi adzachifuna mawa, makolo ake akagulitsa fodya ndi mtedza. Alangizi a zaumoyo ainene nkhaniyi pa sikelo ya ana. Atsogoleri a amayi aikambe pa misonkhano ya nthambi. Oyang'anira misika ayendere mabenchi pa tsiku la msika, ndipo Mafumu, kuyambira kwa Kalolo mpaka kwa Kabudula, awathandize.

Boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Bureau of Standards m'chaka cha 1972 kuti liziyesa ubwino wa katundu, ndipo la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma mabungwewa sangalondole katundu woyenda m'chikwama cha kondakitala ngati opwetekedwa angovala duku nakhala chete chifukwa cha manyazi. Wapsa mutu anene, asunge botolo ndi nambala ya lamya imene anatumizako ndalama.

Palibe akuletsa mayi kudzikongoletsa, pakuti ukhondo ndi kuoneka bwino ndi ulemu wa mtundu wathu. Koma tsitsi lothothoka ndi chipsera cha moto silimeranso, ndipo mayi wogona m'chipatala salima munda. Tiyeni tigule chimene tachiona, kwa munthu amene tingampeze mawa.