Makompyuta Akalewa Sanafe, Tikuwapha Ndife

Aphunzitsi anzanga kuno ku Dedza, tiuzane chilungamo. Makompyuta akale amene sukulu zathu zinalandira angounjikidwa m'sitolo, fumbi lokhalokha, ati "amachedwa kwambiri". Ndiye tingokhala manja lende kudikira wachifundo wina? Ayi!

Nthawi zambiri vuto limakhala pa hard disk. Tikamasunga ndi kufufuta zinthu zaka ndi zaka, fayilo imodzi imaduka zidutswa n'kumwazikana padisiki ponse, ngati mapepala a mayeso ouluzidwa ndi mwera wa mu June. Kamutu kowerenga kamazungulira kutolera chidutswa chimodzichimodzi. Kuchedwako n'kumeneko.

Mankhwala ake ndi aulere, ali momwemo. Pa Windows XP pitani pa Start, All Programs, Accessories, System Tools, kenako Disk Defragmenter. Imafuna malo opanda kanthu osachepera 15 peresenti ya disiki, choncho yambani mwachotsa nyimbo ndi mafilimu omwe mwadzazamo aja. Koperani malikisi a ana pa flash, ndipo sankhani nthawi yomwe magetsi akhazikika. Laputopu za SSD zokha musazichite zimenezi, sizifunika.

Ena munena kuti Microsoft inasiya kusamalira XP pa 8 April 2014. Zoona, n'chifukwa chake musailumikize pa intaneti. Koma mwana wa Fomu 4 wokonzekera Computer Studies pa MSCE aphunzira Word ndi Excel pabolodi?

Inunso ophunzira anga akale odziwa makinawa, mukabwera kumudzi patchuthi dutsirani kusukulu. Madzulo amodzi okha akwana.