Maliya sadachokere ku New York

Mu Disembala 2023, ku ofesi kwathu ku City Centre tidachita phwando lotsekera chaka. Komiti idaitana mnyamata wina wanthabwala wa ku Kawale kuti atiseketse tisanadye. Adalowa atavala chitenje, duku ndi nsapato zazitali, kachikwama kali m'khwapa, n'kuyamba kuyerekeza dona wa ku Area 10 akukalipira mtsikana wantchito chifukwa chodya mazira awiri. Amesenjala, madalaivala ndi amayi okolopa adaseka mpaka kugwira nthiti. Mphindi zisanu zisanathe, mmodzi mwa mabwana athu adaimirira nkhope ili gwaa, nati: "Zachizunguzi muzikachitira komweko. Mwamuna kuvala chitenje si chikhalidwe chathu." Mnyamata uja adavula duku pomwepo n'kutuluka. Theka la ndalama zomwe tidapangana sadalandire. Ine ndidali m'komitiyo ndipo ndidangoti duu, poti pa ntchito ya boma pakamwa ndi pomwe pamasamutsa munthu. Tsono ndiyankhira pano.

Zoti masewero otere aliko kwa azungu sindikana. Kuyambira m'ma 1880 mpaka m'ma 1920, m'mizinda ya ku America mudali zisudzo zotchedwa vaudeville. Usiku umodzi, pa tikiti yotsika mtengo, munthu ankaonera oimba, amatsenga, agalu ovina ndi anthabwala motsatizana. Ku Paris ndi ku Berlin zofanana nazo zinkachitikira m'malo omwera, n'kumazitcha cabaret, pomwe ku London ankati music hall. Luso lomwe lero akulitcha drag lidakulira m'malo amenewa. Dan Leno ankavala ngati mayi wokalamba wolongolola m'masewero a pa Khirisimasi ku Drury Lane, mabanja athunthu akuonera. Vesta Tilley, mayi ameneyo, adalemera povala suti n'kumayerekeza asilikali ndi anyamata odzimva a m'tauni. Julian Eltinge ankasanduka mkazi mwaukatswiri kotero kuti mu 1912 nyumba ya zisudzo pa 42nd Street ku New York adaitcha dzina lake.

Koma tamvani mathero ake. Pofika mu 1940, malamulo a mzinda wa Los Angeles sadamulolenso Eltinge kuvala madiresi ake m'kalabu. Ankangowapachika pambali, iye ali m'suti, n'kumawaloza uku akuimba. Adamwalira chaka chotsatira. Ku Berlin, malo otchuka a Eldorado adatsekedwa pamene chipani cha Hitler chinkayandikira mpando, m'nyumbamo n'kulowa anyamata ankhanza a chipanicho. Choncho ngati tikufufuza zomwe zidabwera pa sitima, tisaiwale kuti mawu a bwana aja nawonso ali ndi pasipoti. Kuletsa kumeneku azungu adayamba kale.

Tsopano tibwerere kuno kwathu. Kwerani minibasi pa depoti ya ku Old Town m'chilimwe, mukatsike ku Mitundu kapena ku Nathenje pamene kuli chiliza kapena akulonga mfumu. Dikirani fumbi la akapoli lithe. Kenaka pabwalo pamatulukira Maliya, nkhope yosalala, ndolo m'makutu, mikanda m'khosi, chitenje chomangidwa bwino, chifuwa chili nganganga. Amayenda monyang'wa, chiuno chikuyankhana ndi mbalule, ndipo amene amamuimbira ndi kumuombera m'manja ndi amayi enieni, ana ali kumsana. Sindikufuna mlandu ndi akuluakulu a kudambwe. Chilombo ndi chilombo, chimachokera kumanda, ndipo ine sindidanene kanthu. Ndingokumbutsa kuti kudambwe ndi kwa amuna. Owerenga amalize okha.

Maliya ndi anzake, Yosefe ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, adatchuka pamene gule ankalimbana ndi amishoni. M'ma 1920 ansembe ankadandaulira boma la atsamunda kuti nyau zikusokoneza sukulu ndi tchalitchi. Achewa sadalembe kalata yoyankha. Adasema nkhope n'kuvina. Chodabwitsa n'choti patapita zaka, wansembe mnzawo, Bambo Claude Boucher, ndiye adasonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana ku Mua, komwe adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo boma lomwe bwana wanga amaligwirira ntchito lidanyadira. Alendo akabwera ku msonkhano timawaitanira gule. Maliya akavina, mabwana omwewa amapisa m'thumba n'kufupa. Nanga chitenjecho chimasanduka liti chachizungu? Chikawoloka mlatho wa Lingadzi?

Wina anena kuti ndikusakaniza zinthu, gule ndi wa mizimu pomwe mnyamata uja amangofuna ya ufa. N'zoona, ndipo sindikuyerekeza phwando la muofesi ndi mwambo wa makolo. Koma aliyense amene adaimapo pabwalo amadziwa kuti gule amalanga poseketsa. Waulesi, woledzera, mkamwini wosamva, mkazi wonyada, onse amadziona pamenepo, mudzi wonse ukuseka, palibe wotchulidwa dzina. Mnyamata wa ku Kawale alibe dambwe, koma njira yake adaiyamwira komweko.

Ndiponso ife amene tidaphunzira sukulu za anyamata okhaokha m'ma 1990 tisanamizane. M'masewero athu, mayi ankakhala ndani? Ine ndidakhalapo apongozi aakazi, nditapinda masokosi awiri pachifuwa, chitenje chobwereka kwa mkazi wa aphunzitsi. Ahedi ndi abusa adali pa mpando wakutsogolo akupukuta misozi ya phwete. Palibe adatsegula Deuteronomo 22:5 tsiku limenelo.

Vesi limeneli limangokumbukika pamene wina akufuna kulamulira thupi la mnzake, ndipo Amalawi tidaona komwe msewuwu umathera. Mu 1973 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba maondo. Mwamuna wa tsitsi lalitali naye ankakumana ndi sizasi pa bwalo la ndege. Zonsezi zidagwa pambuyo pa riferendamu ya 1993, koma mzimu wake sudafe. Mu Januwale 2012 anyamata ena adavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya Old Town masanasana, ndipo nawonso ankati akuteteza chikhalidwe. Bwana wanga sangavule munthu pamsewu, ndi munthu wa tayi. Koma duku la mnyamata uja lidavulidwa ndi mawu omwewo.

Pali choti tidzudzule, inde. Anthabwala ena akasowa chonena amangokhoma pilo kumbuyo, kupaka milomo mpaka m'masaya, n'kumalira ngati mbuzi, ati ndiye mkazi ameneyo. Amaseka mayi wogulitsa tomato pa msika wa Tsoka chifukwa cha Chingerezi chake, osafunsa kuti adasiyira sukulu pati ndipo chifukwa chiyani. Umenewo ndi ulesi, ndipo alongo athu akanyansidwa nawo sakulakwa. Wotereyu timuuze kuti sewero lake ndi lopanda mchere. Koma tikatero tikuweruza luso, osati kufunsa komwe chitenje chidabadwira.

Mnyamata wathu sadali wa gulu limenelo. Adaphunzira momwe dona amagwedezera makiyi a galimoto, momwe amatchulira dzina la wantchito osamuyang'ana, momwe amawerengera mazira m'firiji asanapite ku mapemphero. Amayi okolopa adaseka chifukwa ena mwa iwo adagwirapo ntchito m'mipanda ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndipo mawu aja adawamvapo ndi makutu awo. Ndimakhulupirira kuti chidawawa bwana si duku ayi, koma mazira awiri aja ndi phwete la anthu amene tsiku lililonse amamupatsa moni atapinda mawondo.

Komiti ya phwando likudzali andiikamonso, mwina poona kuti ndine munthu wosayankha. Pa mndandanda womwe ndapereka, dzina loyamba ndi la mnyamata uja, ndipo pansi pake ndalemba theka lija ngati ngongole ya ofesi. Ndamuimbira foni kuti abwere ndi duku lomwe lija. Wati ayambe waona ndalamazo.